Lita imodzi imakafika pati? Mbiri ya mafuta a kabaza pa Nathenje

Mukafunsa mnyamata wa kabaza pa Nathenje kuti njinga yake imayenda makilomita angati pa lita imodzi, kawirikawiri sakuyankhani ndi makilomita. Akuuzani ndalama zomwe wathira m'mawa ndi nthawi yomwe mafutawo atamuthere. Musamuseke, aise. Kawerengedwe kameneka kali ndi mbiri yake, ndipo nthawi zambiri kamanena zoona kuposa pepala la kampani yopanga njingayo.

Makolo athu sankawerenga malita. Fodya, mtedza ndi chimanga zinkafika pa Mitundu pa ngolo, pamutu kapena pa njinga yakapalasa. Ngakhale kabaza anayamba ndi njinga yakapalasa yomweyo, mafuta ake anali nsima ndi ndiwo basi. Petulo anali nkhani ya mabasi, malole ndi mabwana a m'tauni.

Koma boma linali litayamba kale kudwala nayo mutu nkhaniyi. Malawi alibe chitsime cha mafuta, alibenso doko la panyanja yamchere. Mafuta ambiri amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. M'zaka za m'ma 1970 mafuta anakwera mtengo padziko lonse, kenako nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980. Mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, n'kumamusakaniza ndi petulo. Mu 2004 PressCane inayambanso ntchito yomweyi ku Chikwawa. Zinathandiza kupulumutsa ndalama zakunja. Komabe lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya petulo. Ndiye lita yomwe timathira kuno imayenda mtunda wocheperako pang'ono poyerekeza ndi petulo wosasakaniza.

Ife a m'badwo uno tinaphunzira mtengo wa lita mu 2011. Tinali ana a sekondale, koma mizere ya magalimoto ndi zigubu timazikumbukira. Kusowa kwa mafuta kunali chimodzi mwa zomwe zinatulutsa anthu m'misewu pa 20 July chaka chimenecho, pa zionetsero zomwe zinaphetsa anthu pafupifupi 20. Mu May 2012 kwacha inagwetsedwa mphamvu, mafuta n'kubwerera, koma pa mtengo wina. Zaka zotsatira ndi pomwe njinga zamoto zotsika mtengo, zambiri zopangidwa ku China ndi ku India, zinayamba kudzaza m'misika yathu, zina zikulowera ku Mozambique ndi ku Tanzania. Kainjini kakang'ono, kosamwa kwambiri, kotha kulowa m'mudzi momwe minibasi siifika: anyamata anaona ntchito.

Nanga nambala imene wogulitsa amakuuzani ija imachokera kuti? Makampani amayesa njinga kapena galimoto pamalo osalala, katundu wochepa, liwiro lokonzedwa kale. Zotsatira zake zimakoma m'maso, moti ngakhale kumayiko olemera anthu anadandaula. Mu 2016 kampani ya Mitsubishi ku Japan inavomera kuti inkakometsera manambala a kamwedwe ka mafuta ka magalimoto ake ena, ndipo mu 2017 mayiko a ku Ulaya anasintha njira yoyesera kuti iyandikire zochitika pamsewu. Ngati pepala linkaphonya pa misewu ya ku Tokyo, kuli bwanji panjira ya fumbi yochoka pa Nathenje kulowa kumidzi?

Kuno njinga imanyamula mayi, mwana kumbuyo, thumba la feteleza pamwamba. Mu October mchenga, mu January matope. Giya wotsika ulendo wonse, injini ikulira koma mtunda osatha. Fumbi likatseka sefa ya mpweya, injini imamwa mafuta ambiri. Tayala lopanda mpweya wokwanira, tcheni chouma, pulagi yotopa, chilichonse chimaba kadontho kake. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nambala ya papepala ndi fodya wapachala.

Tiyeni tiwerenge mongoyerekeza. Mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Tinene kuti pepala likuti makilomita 50 pa lita: kilomita imodzi ndi K51. Tinene kuti kufumbi kuno njingayo ikupereka makilomita 35 okha: kilomita imodzi yafika K72. Mukatula kasitomala kumudzi n'kubwerako opanda munthu, kilomita yolipidwa ija yakudyerani K145. Simunawerenge oyilo, matayala, kapena ndalama ya tsiku ya mwini njinga. Ndipo pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga kumapeto kwa 2024, ambiri ankagula m'mabotolo m'mbali mwa msewu, pomwe mtengo amanena ndi wogulitsa, komanso botolo silichita kulumbira kuti ndi lita.

Chinanso chomwe sitikonda kuvomereza: pa M1, kuchoka pa Nathenje kupita m'tauni, minibasi yodzaza imagwiritsa ntchito mafuta ochepa pa munthu aliyense kuposa njinga yonyamula mmodzi. Imamwa kwambiri, inde, koma lita yake amagawana anthu oposa khumi. Njinga imapambana pomwe tala wathera, pomwe wodwala ayenera kufika kuchipatala usiku womwewo.

Mu October 2025 petulo anafika pa K3,499. Wofuna kugula njinga pangongole asakhulupirire wogulitsa yekha. Adzaze thanki, ayende njira zake zamasiku onse ndi katundu wake wamasiku onse, adzazenso, kenako agawe makilomita ndi malita omwe alowa. Nambala imeneyo ndi yomwe idzabweze ngongole, kapena kulanditsa njinga.