Mkanda wa ku Khaybar ndi Malonda a Golide Wakale

M'chaka cha 628, Khaybar itagonja, Swahaba Fadala ibn Ubayd (RA) adagula mkanda wa golide wosakaniza ndi timiyala pa madinari 12. Atauphwasula, golide yekha adaposa madinari 12. Imam Muslim adalemba kuti Mtumiki (SAW) adaletsa kugulitsa mkanda wotere usanaphwasulidwe.

Chifukwa chake n'chakuti dinari nayo idali ya golide, choncho mbali yolemera kuposa inzake idali riba. Ma ulama ambiri adagamula kuti golide, wothyoka kapena watsopano, asinthanitsidwe ndi golide molingana pasikelo, pompopompo.

Lero timagwa potula ndolo zakale n'kuwonjezerapo ndalama kuti titenge zatsopano. Njira yoyera ndi iyi: tigulitse zakalezo, tilandire ndalama m'manja, kenako tigule zatsopano.