Maekala 6,400,000 a Dziko la Mpezeni

Makolo akale anali kuŵerenga ndi zala. Zala za manja aŵiri ndizo khumi, makumi khumi ndiwo zana, ndipo mazana khumi ndiwo cikwi. Kuŵerenga kotere kunali kokwanira pa ng'ombe za m'khola ndi pa ankhondo a mfumu. Koma m'caka ca 1895 kunalembedwa nambala ina ku London, imene panalibe Mngoni, Mceŵa kapena Mnsenga anaimvapo, ndipo inasintha makhalidwe a anthu onse a dziko la Chipata.

Ciyambi cake ndi ici. Mjeremani wina dzina lake Carl Wiese, wogula minyanga ya njobvu, anakhala nthawi yaitali kwa Mfumu Mpezeni, nayamba kunena kuti mfumuyo inampatsa dziko. Mbiri inawanda ku Ulaya kuti m'dzikomo muli golide wambiri. Pamenepo British South Africa Company inapatsa kampani yatsopano, North Charterland Exploration Company, dziko lolingana ndi mailosi 100 m'litali ndi mailosi 100 m'lifupi. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendo uyu kanadula dziko.

Mailo imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi ndiyo maekala 640. Zigawo zotere zinalipo 10,000, cotero dziko lonselo linali maekala 6,400,000. Munthu atafuna kuchula ekala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku wosagona, angathe masiku 74. Dzikolo likanakhala la mbali zinai zofanana, kulizungulira pansi kukanakhala mailosi 400, ulendo wa masiku 20 kwa munthu woyenda mailosi 20 pa tsiku.

Nambalayi ili ndi khalidwe lozizwitsa. Igawika pakati popanda cotsala: 3,200,000, kenaka 1,600,000, ndi kupitirira comweco kufikira kakhumi ndi kamodzi, pamene patsala 3,125. Nayo 3,125 igawika ndi 5 kasanu, kufikira patsala 1. Cotero nambala yaikuluyi inamangidwa ndi 2 ndi 5 basi, ndipo manambala amene angaigawe bwino alipo 72. Koma anthu atatu sangaigaŵane mofanana, pakuti ekala imodzi itsala.

Kusalala kotereku ndiko kuulula kumene nambalayi inacokera. Munthu wopima munda ndi cingwe, wotsata mitsinje ndi mapiri, sapeza nambala yothera m'maziro asanu. Nambala yotere ibadwira pa pepala, m'ofesi ya anthu amene dzikolo sanaliponde. Midzi, manda ndi madambo odyetsa ng'ombe sizinaloŵe m'samuyo.

Angoni anakana kuti dziko lawo lili la kampani. M'mwezi wa January 1898 nkhondo inabuka, ndipo mikondo ndi zishango zinalephera pamaso pa mfuti za Azungu. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa naomberedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Pambuyo pake anamanga boma la Fort Jameson, limene lero lichedwa Chipata.

Golide wambiri uja sanaoneke, ndipo kampani inayamba kugulitsa malo kwa Azungu olima fodya. M'caka ca 1928 Boma linapatula malo ochedwa marizevu, ndipo anthu ambiri anasamutsidwira kumeneko. Anapanikizana, nthaka inaguga, mitengo inatha, pamene maekala ocuruka a kampani anangokhala thengo lopanda khasu. Pomaliza, m'caka ca 1941, Boma linagula kwa kampani malo amene inali isanagulitse, ndipo mabanja anayamba kubwezedwa kumalo ena a m'dzikolo.

Kucokera 1895 kufikira 1941 ndizo zaka 46. Ana obadwa pa nthawi ya nkhondo ya Nsingo anali ndi zidzukulu pamene analoledwa kutema minda m'dziko la atate awo. Wophunzira samu acita bwino kudziŵa kugawa 6,400,000, koma aposa nzeru akafunsanso kuti analemba nambalayo ndani, ndipo pa maekalawo panali kukhala yani.