Kondowole, mpunga wa faya ndi mbiri ya m'mbale ya ku Nkhotakota

Nditangofika kumene ku yunivesite, mnzanga wa m'chipinda anandipeza ndikumasula kathumba ka ufa wa kondowole kamene amayi anandipatsa. Ananunkhiza n'kufunsa kuti, "Aise, kwanuko mumadya guluu?" Onse anaseka, inenso ndinasekako, koma kathumbako ndinakakankhira pansi pa bedi mpaka ufawo unawonongeka. Chaka chino, powerenga mbiri ya malonda a m'mbali mwa nyanja, ndazindikira kuti tsiku lija ndinachita manyazi ndi chinthu chimene sindinkachidziwa n'komwe.

Tiyambe ndi chinangwacho. Si mbewu ya kuno. Chinachokera ku South America, ndipo anachifikitsa ku Africa ndi Apwitikizi. Ku Nkhotakota chinapeza kwawo chifukwa chimabereka ngakhale mu dothi la mchenga, ndiponso chimadikira m'nthaka mpaka mwini munda atachifuna. Koma chinangwa chowawa chili ndi poizoni. Amayi a kunyanja ndiwo anachiweta: amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo, kenako n'kuchiyanika padzuwa asanasinje. Fungo limene mnzanga ankaseka lija limachokera pa kuviikako, ntchito imene imachotsa poizoniyo. Masamba ake timasinja n'kuphika chigwada. Agogo anga amati pa njala ya 2002, achibale a kumtunda ankatsika ndi matumba kudzapempha makaka kwa ife odya guluufe.

Nkhani ya mpunga ndiyo imandisowetsa mtendere. Cha m'ma 1840, Mswahili wina wamalonda dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, n'kuyambitsa ufumu wa a Jumbe. Malonda awo anali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankawolotsedwa nyanja pa zombo za matanga, kenako n'kuyenda pansi ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anafika kuno m'zaka za m'ma 1860, ndipo mkuyu umene amati anakumana pansi pake ndi Jumbe timauonetsabe alendo. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 Angerezi anali atathetsa ufumuwo. A mishoni ya UMCA anakhazikika pamalopa mu 1894.

A Jumbe anapita, koma mpunga umene analimbikitsa kulima m'madambo athu unatsala. Mudzi wodzaza ndi amalonda, asilikali ndi akapolo unkafuna chakudya chambiri, ndipo ambiri mwa ogwira khasu m'minda imeneyo sankalima mwa kufuna kwawo. Lero mpunga wa faya timaunyadira, timaphika pa ukwati, pa Khirisimasi ndi pa Eid. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo uyu kalumo kake kanameta ena, koma ena kanawacheka.

Chimene sichinabwere ndi munthu aliyense ndi ndiwo. Usipa, utaka ndi chambo n'za m'nyanja yathu ndi ku Chia. Mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Palinso nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka pamadzi ngati utsi, timene anthu amatikola ndi madengu n'kutiumba timikate. Chodabwitsa n'chakuti zathu zenizenizi ndi zimene tikuzimaliza. Chambo chachepa, ndipo ena akukokera m'madzi maukonde otetezera udzudzu amene sasiya ndi kamwana ka nsomba komwe.

Pa zakumwa napo mbiri siyibisika. Kwathu kuli Asilamu ambiri, cholowa china cha nthawi ya a Jumbe, motero mowa wamasese sufika pakhomo lililonse. Chimene chimakhazika Msilamu ndi Mkhristu pa mphasa imodzi ndi thobwa. Kachasu naye ndi mlendo: dzina lake likufanana ndi la cachaça, chakumwa chotcheza chimene olankhula Chipwitikizi amachidziwa bwino.

Ena anganene kuti chakudya n'chakudya, mbiri tiyisiye m'mabuku. Ine ndikukana. Tikamati "chakudya cha makolo" ngati kuti chinangomera chokha, timaiwala mayi amene anapeza njira yochotsera poizoni m'chinangwa, ndi kapolo amene anaponda thope la dambo la mpunga. Mayina awo sanalembedwe pena paliponse. Chimene anatisiyira ndi mbale imeneyi.

Pa tchuthi ndinawafotokozera agogo zonsezi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mdzukulu wanga, zakusukuluzo zili bwino, koma kutakasa kondowole umatha?" Ndinavomera kuti sinditha. Anandipatsa mthiko, ndipo manja anandipweteka masiku awiri. Kathumba kena ndabwera nako teremu ino, ndipo kali pa tebulo.