Nkhumba mu Kabula: malonda anakula, chigodola chikadalipo

Mwa nyama zimene zatchuka msanga mu Kabula, ya nkhumba inalowera kukhomo la kuseri. Mabutchala ambiri akuluakulu mu Limbe ndi a halaal, ndipo nkhumba siyandikirako. Asilamu sadya, a Seventh Day sadya, mipingo ina ya ziyoni nayonso imailetsa. Koma dzuwa likapendeka ku Zingwangwa, ku Chilobwe, ku Bangwe kapena ku Ndirande, fungo la pa chiwaya limakhala la kapado, ndipo wochedwa amapeza mafuta okhaokha.

Nkhumba yoweta si yakale kuno ngati mbuzi kapena nkhuku. Akatswiri ambiri amaganiza kuti zakuda za mphuno yaitali zija zinabwera ndi Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, ku Sena ndi ku Tete, n'kumafalikira mudzi ndi mudzi. Zinkadziyang'anira zokha: kufukula m'dzala, kugona kuseri kwa nkhokwe, kutsekeredwa pokhapokha mbewu zikakhala m'munda. M'nthawi ya atsamunda kunabwera mitundu yoyera ya ku Ulaya, ndipo mpaka lero mlimi wofuna phindu amafunsa za Large White ndi Landrace.

Landrace ili ndi mbiri yoyenera kuimva. Mu 1887 alimi a ku Horsens m'dziko la Denmark anasonkherana ndalama n'kumanga malo awoawo ophera nkhumba, cholinga chili msika wa ku Britain. Nkhumba yaitali thupi, yochepa mafuta, anaiswetsa dala kuti igwirizane ndi msikawo. Ife tinatenga nkhumbayo, koma dongosolo limene linaibala, loti alimi akhale eni ake a malo ophera ndi msika, tinalisiya komweko.

Mdani wa ulimiwu anadziwika msanga. Mu 1921 dokotala wa ziweto R. Eustace Montgomery analongosola matenda amene ankapulula nkhumba za azungu ku Kenya, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anali atapezeka ku Nyasaland. Ndicho chigodola. Kutchire kachilombo kake kamakhala mwa njiri ndi mwa nkhufi za m'mauna mwake, njiriyo osadwala konse. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza anakapeza kachilomboka mwa nkhufi za m'makola a m'midzi ya ku Mchinji, kumene nkhumba zambiri za makolo zinkapulumuka matendawa akadutsa. Kum'mwera chigodola chinkangobwera mwa apo ndi apo mpaka 1989, pamene mliri waukulu unapha nkhumba zikwizikwi m'chigawochi.

Kuno m'tauni sipafunika njiri kapena nkhufi. Kachilomboka kamakhala miyezi mu nyama, ngakhale youmitsa kapena ya mufiriji. Kamayenda pa nsapato za wogula amene walowa makola asanu tsiku limodzi, pa njinga yonyamulira, mwa nkhumba yaimuna yobwereka, ndi m'makombo a chakudya. Chigodola sichigwira munthu, ndipo n'zimenezi zimene zimachithandiza kufala. Mlimi wa ku Chigumula kapena ku Mpemba akaona imodzi yaleka kudya, makutu afiira, amadziwa kuti sabata yamawa khola likhala lopanda kanthu. Akakanena kwa alangizi a ziweto, chimatsatira ndi chiletso, ndipo kawirikawiri chipukuta misozi palibe. Ndiye amapha zotsalazo usiku womwewo n'kugulitsa motchipa. N'kosavuta kumunena kuti ndi wosasamala, koma fizi ya ana ake ili m'kholamo, ndipo lamulo silinam'patse njira ina.

Ngakhale zinali choncho, ulimiwu unakula, makamaka chitadutsa chaka cha 1994 pamene malonda a m'misewu anamasuka ndipo mabungwe anayamba kugawa ziweto zopatsirana. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 nkhumba m'dziko lonse sizinkafika 1 miliyoni. Lero ziwerengero za boma zimatchula mamiliyoni angapo. Chifukwa chake n'chosabisika. Nkhumba imakhala ndi bere masiku 114, imaswa ana 8 kapena 10, mwinanso kuposa, kawiri pa chaka. Mbuzi singafikepo. Malo oweterapo nkhumba ndi ochepa, zimene zimakomera anthu a ku Chiradzulu ndi Thyolo kumene minda inatha kale.

Vuto lili pa chakudya. Nkhumba yoyera imafuna chimanga ndi soya, koma yathu imakulira madeya a ku chigayo ndi masese a mowa, n'chifukwa chake imachedwa kufika pogulitsa. Ndipo madeyawo chaka cha njala amasanduka nsima. Zinali choncho mu 2002, zinabwereranso ndi chilala cha 2024, pamene boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, patangopita miyezi yochepa kwacha atagwa ndi 44 peresenti. Alimi ena amangomasula nkhumba zawo kuti zikadzifunire zokha, ndipo kumene zimbudzi n'zosowa zimatola mazira a njoka za m'mimba. Timatuza toyera tooneka ngati mpunga mu nyama timachokera kumeneko. Wodya nyama yotere yosapsa bwino amatenga njokayo, ndipo mazira ake akalowa mwa munthu n'kukafika mu ubongo amayambitsa khunyu. Nkhumba yophedwera kuseri kwa nyumba palibe woipima.

Kumaiko akunja anamanga makampani aakulu zedi a nkhumba, koma chigodola chinawapeza. Chinatulukira ku Portugal mu 1957, ndipo Spain inalimbana nacho zaka zoposa 30 mpaka 1995. Mu 2007 chinabuka ku Georgia, mwina kudzera m'zinyalala za chakudya cha m'sitima zapamadzi, ndipo atapima anapeza kuti ndi mtundu wofanana ndi wa ku Mozambique, Zambia ndi Madagascar, kuno kwathu. Kuchoka apo chinadutsa Russia n'kulowa China mu Ogasiti 2018. Dzikolo linali ndi pafupifupi theka la nkhumba zonse za padziko, ndipo kampani yake ya Shuanghui inali itagula kampani ya nkhumba ya Smithfield ya ku America mu 2013. Pa chaka chimodzi chokha nkhumba za ku China zinachepa ndi pafupifupi 40 peresenti, mitengo inakwera, ndipo Spain ndi Brazil zinapeza msika. Germany itapeza matendawa mwa nguluwe mu Seputembala 2020, China inatseka khomo nthawi yomweyo. Lero ku Ezhou nkhumba zikuwetedwa m'nyumba yosanja ka 26, momwe wantchito amasamba n'kusintha zovala asanalowe.

Pa msika umenewo Malawi palibepo, chifukwa dziko lokhala ndi chigodola chosatha, lopanda malo okwanira ophera ovomerezeka, palibe angaligule nyama. Katemera amene Vietnam inavomereza mu 2023 anapangidwira mtundu wa ku Georgia uja, pamene kuno kwapezekapo mitundu ingapo ya kachilomboka. Zimene zili m'manja mwa mlimi wa ku Bvumbwe ndi zomwe alangizi akhala akunena kwa zaka zambiri: khola lotseka, mankhwala opondapo pakhomo, kuwiritsa makombo, kupatula nkhumba yatsopano kwa milungu ingapo, ndi kuuza wogula kuti aziionera kunja kwa mpanda. Chomalizachi n'chimene chimavuta, poti wogulayo ndalama ali nazo m'manja ndipo khola la neba lili pafupi.