Opaleshoni ya ng'ala m'maso onse awiri: tsiku limodzi kapena masiku osiyana

Ng'ala ndi chifunga chimene chimagwira kagalasi kachibadwa ka m'kati mwa diso. Sichoka ndi mankhwala odontheza. Dokotala amachotsa kagalasiko n'kuikapo kapulasitiki, njira imene Harold Ridley anaiyamba ku London mu 1949. Popeza ng'ala ya ukalamba imakonda kugwira maso onse, pali njira ziwiri: kuchita onse pa tsiku limodzi, kapena limodzi lero, linalo pakapita milungu ingapo.

Chizolowezi chakhala chodikira, ndipo mantha ake ndi omveka. Tizilombo tikalowa pabala, diso limatha kuchita mafinya m'kati, matenda otchedwa endophthalmitis. Sachitikachitika, koma atati agwire maso onse nthawi imodzi, munthu amene anabwera akuonako pang'ono akhoza kubwerera ali mu mdima wa bii. Komanso mphamvu ya kagalasi amachita kuiwerengera opaleshoni isanachitike. Diso loyamba likapola, dokotala amaona pamene anaphonya n'kukonza pa lachiwiri.

Koma kudikirako kumasautsanso. Diso lina likuona ngwee, linalo mbuu. Magalasi akale sakugwirizananso ndi maso, mwendo ukuphonya sitepe. Ulendo wakuchipatala ndi wakawiri, womuperekeza naye kawiri.

Ochita tsiku limodzi amatenga diso lililonse ngati la munthu wina. Akamaliza loyamba amasambanso m'manja, kusintha magolovesi ndi nsalu, n'kutsegula zida zina zowiritsidwa pazokha. Ngakhale madzi otsukira amayesetsa kuti asakhale a gulu limodzi lochokera kufakitale. Pomaliza amabaya m'disomo mankhwala opha tizilombo monga cefuroxime. Loyamba likavuta, lachiwiri salikhudza tsiku limenelo.

Njirayi ndi yozolowereka ku Finland ndi ku Sweden. Ku Britain malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE a 2017 anailola kwa odwala amene maso awo alibe vuto lina, ndiponso kwa ofunika kugonekedwa tulo, kuti asagonekedwe kawiri. Mliri wa COVID-19 unaikulitsa chifukwa anthu ankapewa kupitapita kuchipatala. Kafukufuku wa ku Netherlands wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2023 anapeza kuti maso a tsiku limodzi amaona bwino chimodzimodzi ndi a masiku osiyana, ndipo ndalama zimapita zochepa. Ku America ikuchedwa kufala, ndipo china mwa zifukwa zake si cha diso ayi: inshuwalansi ya boma ya Medicare imalipira dokotala theka lokha pa diso lachiwiri akalichita tsiku lomwelo.