Kope M'manja, Mwana Kumbuyo: Amayi ndi Maphunziro ku Zomba

Funso lakuti mayi wapabanja aipeza kuti nthaŵi yophunzira silinayambe lero ayi. Kuno ku Zomba linafunsidwa agogo athu akali atsikana, ndipo yankho loyamba linayesedwa ku Domasi.

M'chaka cha 1924 kunafika ku Nyasaland alendo a bungwe la Phelps-Stokes la ku America kudzayendera sukulu za mamishoni. Mmodzi wa iwo anali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene tsopano litchedwa Ghana. Alendowo anadandaula kuti maphunziro sanali kufika m'nyumba ndi m'munda. Tsono mu 1926 Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro, ndipo mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene Alexander Hetherwick anayambitsa mishoni mu 1884. Dzina lakuti Jeanes ndi la mayi mnzathu, Anna Jeanes wa ku Philadelphia, amene mu 1907 anapereka madola 1,000,000 kuti athandize sukulu za kumidzi za anthu akuda ku America.

Chachilendo pa sukuluyi chinali chakuti mphunzitsi sanali kubwera yekha. Ankadza ndi mkazi wake ndi ana, napatsidwa nyumba m'mudzi wachitsanzo, nakhala zaka ziŵiri. Bambo ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi zaumoyo, pamene mayi ankaphunzira kulera ana, ukhondo wa pakhomo, kuphika ndi kusoka. Kuyambira mu 1934 mafumu nawonso anayamba kubwera, akazi awo ali pambuyo.

Tiyenera kuyamikira chinthu chimodzi: panalibe amene anauza mayi uja kuti asankhe pakati pa mwana ndi kope. Nyumba, munda ndi kalasi zinali pamalo amodzi, motero nthaŵi siinali kuthera pa njira. Koma tisabisenso mbali inayo. Mayi ankaloŵa ku Jeanes chifukwa cha mwamuna wake, ndipo zimene ankaphunzira zinali kuthera pa khomo la khitchini. Pobwerera kwawo ankayembekezeka kuphunzitsa amayi a m'mudzi, ntchito yoonjezera pamwamba pa mtondo, munda ndi chitsime zimene zinali kumdikira monga kale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 zinthu zinatembenuka. Mu 1965 kunayamba Malaŵi Correspondence College, imene mu 1987 inasanduka Malaŵi College of Distance Education. Maphunziro ankabwera pa positi, ena ankamveka pa wailesi, ndipo kunali sukulu za usiku. Zomba anali likulu la dziko kufikira mu 1975, choncho m'tauni munali makalaliki, aphunzitsi ndi anamwino amene ankafuna JC kapena MCE kuti akwezedwe pa ntchito. Tsopano setifiketi inali ya mayi mwini, dzina lake litalembedwa pamenepo. Koma nthaŵi panalibe womupatsa.

Amayi anzanga, tiŵerenge tsiku la mayi wa m'munsi mwa phiri masiku amenewo. Tambala woyamba, moto ndi phala la ana. Kenaka madzi. Nkhuni zikatha, ulendo wa kuphiri, ndipo amene anatsikapo phiri la Zomba ndi mtolo pamutu adziŵa kuti akafika pakhomo maso safunanso zilembo. Madzulo ndiwo, nsima, mbale. Kope linali kutsegulidwa ana atagona, pa kuŵala kwa koloboyi, ngati palafini analipo. Nyengo ya dzinja, kupalira ndi kubandira zikapanikizana, ngakhale ola limenelo linkasoŵa. Vuto lomweli linakumana ndi sukulu za kwacha, zimene zinakhala ntchito ya dziko lonse mu 1986: ophunzira ambiri anali amayi, ndipo mvula ikagwa khasu linkapambana choko.

Nanga amene anakhoza anatha bwanji? Pano mabuku a mbiri amangoti zii, koma ife tidziŵa. Kumbuyo kwa mayi wophunzira kunali mayi wina. Kwathu kuno kwa chikamwini mkazi akhala pakati pa amayi ake ndi abale ake, motero mwana ankasiyidwa kwa agogo kapena kwa mayi aang'ono popanda mlandu. Mayi wa m'tauni analibe mwayi umenewu, ndipo kaŵirikaŵiri ankatuma uthenga kumudzi kuti kubwere kamtsikana kodzalera mwana. Kamtsikanako n'kamene tiyenera kukakumbukira. M'nyumba zina kanalembetsedwa sukulu, ndipo Mulungu adalitse nyumba zimenezo. M'nyumba zina kanakula kali ndi mwana wa eni kumbuyo, osadziŵa kulemba dzina lake, pamene setifiketi ya achemwali inali kupachikidwa pa khoma. Za abambo tinganene mwachidule: amene ankalola kudya mochedwa osakwiya anathandiza koposa mmene ankadziŵira.

Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga kuchokera ku Blantyre. Amayi ogulitsa masamba ankaona atsikana a ku koleji akudutsa ndi mabuku, ndipo ena anatsimikiza mumtima kuti mwana wawo adzapondapo. Kolejiyo kuyambira mu 2021 itchedwa University of Malawi payokha. Komabe kwa zaka zambiri mtsikana akatenga pathupi sukulu inali kuthera pomwepo. Lamulo lomulola kubwerera atabereka linadza mu 1993, ndipo mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Lamulolo linatsegula chitseko cha kalasi, koma silinanene kuti mwana atsala ndi yani, ndipo funso linabwereranso kwa agogo.

Ku Domasi nako ntchito siinaleke. Mu 1993 kunatsegulidwa Domasi College of Education yophunzitsa aphunzitsi a sekondale, ndipo kuyambira mu 2000 aphunzitsi amene anali kale pa ntchito anayamba kuphunzira dipuloma ali kwawo. Mkati mwa teremu ankaphunzitsa masana, nalemba ntchito ya ku koleji usiku atatha kuchonga makope a ana. Sukulu zikatsekera, anzawo akupita kukakolola, iwo ankakwera basi ya ku Domasi, nyumba atasiyira abale.