Ulendo wa Nthondo: Mmene Buku Loyamba Linapezera Owerenga M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'chaka cha 1933 makina osindikizira a ku mishoni ya Nkhoma anatulutsa kabuku kachilendo. Anthu anali atazolowera kuti pamakina aja pamatuluka katekisimu, nyimbo za m'tchalitchi ndi timabuku tophunzitsira ana kuwerenga. Koma aka kanali nkhani yaitali yopeka, yotsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Mutu wake unali Nthondo, ndipo wolemba anali mphunzitsi wosakwana zaka 30, Samuel Josia Nthara, yemwe m'mabuku ena dzina lake analilemba kuti Ntara.

Masiku ano mlembi akatulutsa buku lake loyamba amakonza mwambo wolikhazikitsa. Amabwereka holo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amaitana mlendo wolemekezeka amene amagula kope loyamba pamtengo wokwera, kenaka iye amakhala patebulo, cholembera m'manja, kusayinira aliyense wogula. M'Nyasaland wa 1933 zoterezi kunalibe. Dziko linalibe wailesi yake, ogulitsa mabuku a m'Chinyanja anali makamaka amishoni, ndipo misewu yambiri ya m'chigawo chapakati inkaduka mvula ikagwa. Komabe Nthondo anayenda, moti patadutsa zaka zoposa 80 ana a sekondale anali kumuwerengabe pokonzekera mayeso a MSCE. Njira imene anayendamo inalambulidwa mlembi wake asanabadwe, ndipo inayambira m'mapiri a Dowa.

Pa 28 Novembala 1889 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Zinali zaka za chipwirikiti, pamene Achewa ambiri ankakhala m'malinga kapena pamwamba pa mapiri poopa nkhondo ndi ogwira akapolo. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe kwa Msakambewa, mu 1896 kunabadwa Nkhoma, ndipo pambuyo pake ntchito inakwera mpaka ku Chinthembwe m'mapiri a Ntchisi. Nawo a Anglican, pochokera kunyanja ku Nkhotakota, anakakhazikika pa Kayoyo.

Amishoni a Chidatchi anaika mtima pa sukulu za m'midzi ndiponso pa kuphunzitsa m'chiyankhulo cha anthu eni ake. Sukuluzo zinali zosalira zambiri: chisakasa cha udzu, mitengo yogoneka pansi yokhalapo ana, ng'oma kapena chitsulo choitanira, ndi mphunzitsi mmodzi yemwe Lamulungu ankasanduka mlaliki. Zinachuluka mpaka mazanamazana. Ambiri adzudzulapo mishoniyi kuti inachedwetsa Chingerezi ndi maphunziro apamwamba m'chigawo chapakati poyerekeza ndi mishoni za Livingstonia kapena Blantyre, ndipo dandaulo limeneli lili ndi mutu. Koma pa nkhani ya mabuku, sukulu zomwezo zinabala chinthu chimene mlembi aliyense amachifuna asanayambe n'kulemba komwe, ndicho khamu la anthu wamba odziwa kuwerenga chiyankhulo chawo. Anali alimi, amayi a m'midzi, anyamata oweta mbuzi, osati makalaliki a ku boma okha.

Odziwa kuwerenga amafuna chowerenga. Pa Mvera panabwera makina osindikizira, ndipo mu 1909 panayamba kutuluka magazini ya Mthenga. Paphiri la Kaso, pafupi ndi Mvera pomwepo, William Hoppe Murray anakhala zaka zambiri akumasulira Baibulo, mothandizana ndi amishoni a ku Blantyre komanso Amalawi odziwa kuya kwa chiyankhulo. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Likulu la mishoni litasamukira ku Nkhoma, makina aja anatsatira. Choncho pamene Nthara, yemwe anabadwa mu 1905, ankatenga cholembera, anapeza kalembedwe kokhazikika, makina oyenda, ndi owerenga amene anali atazolowera kale kutsata nkhani yaitali papepala.

Chimene chinamutsegulira khomo chinali mpikisano. Bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, linkapereka mphotho kwa olemba mabuku m'ziyankhulo za mu Africa. Nthara anatumiza zolemba zake ndipo anapambana. Mpikisano womwewo ndiwo unatchukitsa Omenuko, buku la Pita Nwana la m'chiyankhulo cha Igbo ku Nigeria. Ku Lesotho, Thomas Mofolo anali atadutsa kale njira yofanana: nkhani yake yoyamba inkatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya mishoni ya Morija, n'kudzakhala buku mu 1907. M'mayiko onsewa, khomo la mlembi woyamba linali mphotho kapena makina a mishoni.

Mphotho ya ku London, komabe, sikanagulitsa buku pa Mvera kapena pa Chinthembwe. Anthu analilandira chifukwa anadzionamo. Nthondo ndi mnyamata wa m'mudzi, wovuta, wosamva za akulu, amene amachoka kwawo kukafuna ntchito kumayiko akumwera, kenaka amabwerera, amalongedwa ufumu, ndipo pomaliza amatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Mathero amenewa ndi omwe amishoni ankafuna, n'zoona. Koma pakati ponsepo pali mudzi weniweni wa Achewa, ndi miyambo yake ya pa kubadwa kwa mwana, ukwati, milandu ya pabwalo ndi maliro. Nkhani ya ulendo wakumwera ndiyo inali bala lakupsa m'zaka zimenezo. Mu 1935 komiti ya boma yotsogoleredwa ndi Travers Lacey inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a m'Nyasaland anali kunja, ku Halale, ku Joni ndi kwina, ndipo ambiri anali atasanduka matchona. Mayi womvera nkhani ya Nthondo ankatha kukumbukira mwamuna wake, mlongo wake kapena mwana wake amene anapita osatumiza ngakhale kalata.

Vuto linali ndalama. Msonkho unali masheleni 6 pachaka, ndipo wosalipira ankathawa amesenjala. Kuyambira m'ma 1920 alimi a ku Dowa ndi Lilongwe analowa mwamphamvu mu ulimi wa fodya wa chikopa, boma n'kukhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti liziyang'anira malondawo. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 chuma cha dziko lonse lapansi chinagwa, mitengo ya fodya n'kugwa nacho. Nthondo anatuluka pa nthawi imene kakobiri kalikonse kanali ndi ntchito kale: msonkho, mchere, nsalu, khasu.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa m'mudzi anagwira ntchito imene lero imagwiridwa ndi sitolo, wailesi ndi mwambo wosayina mabuku, zonse pamodzi. Aphunzitsi ankapita kumishoni nthawi ndi nthawi kukalandira malipiro, masileti ndi choko, komanso kukawonjezera maphunziro. Pobwerera, wapansi kapena panjinga yakapalasa, m'thumba mwawo munkakhalanso mabuku. Nthara anali mmodzi wa iwo, ndipo oyamba kudziwa za buku lake anali anzake a ntchito imodzi, anthu amene mawu awo ankamveka m'midzi. Kumene odziwa kuwerenga anali ochepa, mmodzi ankawerenga mokweza, enawo atazungulira, monga momwe ankachitira ndi kalata yochokera ku Halale. Kope limodzi linkabwerekedwa nyumba ndi nyumba mpaka chikuto kuthothoka. Ogula anali ochepa, koma omva nkhaniyo anali ambiri.

Njira za mpingo zinkadutsanso malire. Kuyambira 1899 a Dutch Reformed anali ndi mishoni pa Magwero, kum'mawa kwa dziko lomwe lero ndi Zambia, kumene chiyankhulo cha sukulu ndi tchalitchi chinali chomwechi. Mu 1912 Vlok, yemwe uja wa pa Mvera, anasamukira ku Salisbury kukatumikira anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito kumeneko. Buku la m'Chinyanja linali ndi owerenga m'mayiko atatu.

Kunja kwa Africa, amene analinyamula anali Thomas Cullen Young, yemwe kale anali mmishoni wa Livingstonia. Iye analimasulira m'Chingerezi, ndipo mu 1934 linatuluka ku London ndi mutu wakuti Man of Africa, mawu otsogolera atalembedwa ndi katswiri wa sayansi Julian Huxley. Pasanathe zaka ziwiri, nkhani ya mphunzitsi wa kumudzi inali m'manja mwa owerenga a ku Britain.

Kutchuka kotereku sikunamuchotse Nthara pakati pa anthu ake. Anayenda kwa akuluakulu ndi mafumu, kufunsa ndi kulemba, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1940 anatulutsa Mbiri ya Achewa, buku lomwe linadzamasuliridwa m'Chingerezi ndi W.S. Kamphandira Jere n'kusindikizidwa ku Germany mu 1973. Analembanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya pa Chibanzi m'boma la Dowa, mlenje wa njovu ndi wamalonda amene analandira sukulu ya amishoni a ku Kongwe m'mudzi mwake nalimbikitsa anthu ake ulimi wothirira. Cullen Young anamasuliranso bukuli, n'kutuluka mu 1949 ndi mutu wakuti Headman's Enterprise. Chaka chomwecho kunatuluka Nchowa, nkhani ya moyo wa mayi. Mu 1964 Nthara analemba za Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba achikuda a mishoniyi, amene anadzozedwa mu 1925. Ubale wake ndi owerenga unali wa mbali ziwiri: anthu omwe ankamupatsa nkhani ndi omwenso ankadzaiwerenga, ndipo akanatha kumutsutsa iye akanalemba bodza. Anamwalira mu 1976.

Pofika nthawi imeneyo malonda a mabuku anali atasintha. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa ofesi imodzi yolimbikitsa mabuku a m'ziyankhulo zakuno. Ufulu utabwera, mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, chaka chomwecho kunabadwa bungwe la mipingo la CLAIM ndi sitolo zake za mabuku, komanso lamulo lopatsa boma mphamvu zoletsa mabuku amene silinawakonde. M'ma 1970 kunabwera makampani osindikiza mabuku a Popular Publications ku Limbe ndi Dzuka ku Blantyre. Mayina a olemba monga John Gwengwe, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani analowa m'nyumba zambiri. Koma msika waukulu unakhalabe sukulu. Buku losankhidwa kukhala la mayeso linkasindikizidwa mobwerezabwereza, pamene losasankhidwa linkavutika kupeza wogula.

Mpaka lero zinthu zili choncho, ndipo amene zimamupweteka kwambiri ndi mlembi watsopano. Makampani osindikiza amathamangira mabuku a silabasi chifukwa ndiwo ali ndi ogula otsimikizika. Wolemba nkhani yake yoyamba nthawi zambiri amalipira yekha kosindikiza, makatoni a mabuku n'kudzaza kuchipinda. Mwambo wa mumzinda umamuthandiza kubweza gawo la ndalama zake tsiku limodzi, chifukwa abale, anzake ndi mlendo wolemekezeka amapereka mowolowa manja. Kukacha, mabuku otsala aja amafunabe owerenga, ndipo sitolo zambiri za mabuku zili m'mizinda, kutali ndi Madisi, Mponela, Malomo kapena Ntchisi boma. Mlembi amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp, wogula amatumiza ndalama pafoni, buku n'kukwera minibasi kapena kabaza ngati mtokoma. Ndi thumba la mphunzitsi lija, longosintha wonyamula.

Omvera ndiye alipo m'mapirimu. Pa Dzaleka, malo amene m'nthawi ya chipani chimodzi anali ndende ya anthu otsutsana ndi boma ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa othawa nkhondo, mlakatuli wa ku Congo Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Anthu zikwizikwi akhala akukwera kupita ku Dowa kukamvera nyimbo ndi ndakatulo, Amalawi ndi alendo pamodzi.

Chosowa ndi mlembi wofika ndi buku pamene pali anthuwo. Ku Kongwe, sukulu ya sekondale ya Robert Blake ikuphunzitsabe anyamata ochokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi muli sukulu zambiri zoyendera zomwe ana ake amaphunzira mabuku a Chichewa koma wolemba buku sanamuonepo ndi maso. Mphunzitsi wa Chichewa atha kuitana mlembi tsiku la kalabu ya zolembalemba, mlembiyo n'kuwerenga mutu umodzi mokweza, kuyankha mafunso a ana, kusayina makope awiri kapena atatu amene sukulu ingakwanitse, ndi kusiya limodzi m'kabati ya mabuku kuti lizibwerekedwa. Ndalama za tsiku lotero sizingafanane ndi za kuhotela ya ku Lilongwe, koma ana makumi angapo amabwerera kwawo akudziwa dzina la buku ndi nkhope ya amene analilemba.